Mmene mungakonzere sabata ya mwana wamng'ono ku England makolo onse awiri akamagwira ntchito ya mashifiti

Makolo ambiri ochokera ku Malawi amene akugwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, m'zipatala ndi m'nyumba zosungiramo katundu ku England salephera kudyetsa ana awo kapena kuwaveka. Chimene chimawavuta sabata ndi sabata ndi ola limodzi kapena awiri amene amatsala pakati pa shifiti ya bambo ndi ya mayi, komanso tsiku limene mwana wadzuka akusanza rota (ndandanda ya mashifiti ya kuntchito) itatuluka kale. Kwathu mpata woterewu suoneka n'komwe, chifukwa pamakhala agogo, mlamu kapena mayi wa nyumba yoyandikana amene amangoti "msiyeni, pitani." Kuno munthu ameneyo kulibe, pokhapokha mutamupeza nokha, kugwirizana naye ndi kumulemba pa pepala nthawi isanakwane. Malangizo awa ndi a banja lokhala ndi mwana wa zaka zosapitirira 5, ndipo malamulo otchulidwa ndi a ku England, pakuti ku Scotland, ku Wales ndi ku Northern Ireland ena ndi osiyana.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

• Ma rota a nonse awiri, mpaka pamene abwana atulutsira.
• Kalendala ya nursery (sukulu ya mkaka) kapena ya sukulu, yosonyeza masiku otsekera, sabata za half-term (tchuthi cha pakati pa teremu) ndi masiku otchedwa inset day, pamene aphunzitsi amapita okha ana ali kunyumba.
• Pepala lalikulu lomata pa filiji ndi zolembera za mitundu itatu. Kalendala ya pa foni ndi yothandiza, koma munthu amene akuchokera ku shifiti ya usiku maso akulemera ndi tulo amaona msanga chimene chili pa filiji.
• Mayina ndi nambala za foni za akuluakulu awiri amene si inu makolo.
• Buku lofiira la umoyo wa mwana, limene a chipatala amalitcha red book.
• Choyezera kutentha kwa thupi, paracetamol wamadzi wa ana pamodzi ndi choyezera chake cha m'bokosi, ndi madontho a vitamin D.
• Chikwama cha mwana, zovala zosinthira, jekete losalowa madzi, chipewa, magolovesi, majombo, ndi cholembera chosafufutika cholembera dzina pa zonsezi.

1. Ikani ma rota awiri pa pepala limodzi, muwerengere ndi ulendo womwe

Tsiku limene rota yatuluka, khalani pansi nonse awiri mulembe sabata yonse: mtundu umodzi wa cholembera ukhale wa mayi, wina wa bambo, wachitatu wa mwana. Musalembe nthawi imene shifiti imayamba ndi kutha. Lembani nthawi imene munthu amatseka chitseko cha pakhomo ndi nthawi imene amachitsegulanso.

Tiyerekeze kuti bambo akutuluka shifiti ya usiku 8 koloko m'mawa, ndipo mayi akuyamba yawo 8 koloko yomweyo. Pa rota zikuoneka ngati zikulumikizana bwino. Koma bambo sachoka asanapereke lipoti kwa amene akulowa, zimene zimadya mphindi 15, kenaka ayembekezere basi ndi kuyenda nayo mphindi 40, ndiye kuti akufika pakhomo cha m'ma 9 koloko. Mayi nawo, kuti afike pa nthawi, ayenera kunyamuka 7:15. Pakati pa 7:15 ndi 9 koloko pali ola limodzi ndi mphindi 45 pamene pakhomo palibe wamkulu aliyense. Zingani mpata uliwonse woterewu ndi cholembera chofiira, ndipo pa ulendo uliwonse wa basi onjezerani mphindi 20, chifukwa m'nyengo yozizira mabasi amachedwa.

Chenjezo: maola amene wobwera ku shifiti ya usiku akugona nawonso ndi mpata. Mwana wa zaka 2 amene akuyendayenda m'nyumba bambo ali mtulo tofa nato sakuyang'aniridwa ndi munthu, ngakhale bamboyo ali m'chipinda chomwecho. Maola amenewo muwazingenso.

2. Tsekani mpata uliwonse ndi dzina la munthu

Ku England lamulo silitchula msinkhu umene mwana angasiyidwe yekha, koma ndi mlandu kumusiya yekha ngati kuteroko kukumuika pachiswe. Bungwe loteteza ana la NSPCC limalangiza kuti makanda ndi ana aang'ono asasiyidwe okha ngakhale kwa kanthawi kochepa, kuti ana osafika zaka 12 kawirikawiri sakhala okhwima mokwanira kukhala okha nthawi yaitali, ndiponso kuti osafika zaka 16 asagone okha m'nyumba usiku wonse. Choncho mtsikana wanu wa zaka 10, amene kwathu akanabereka mng'ono wake ku msana n'kumuphikira phala, kuno si yankho la mpata wa m'mawa, ndipo chikachitika chinthu amene adzafunsidwe ndi inu.

Njira zotsekera mpata muziyese motsatana chonchi. Yoyamba ndi kusuntha shifiti. Kuyambira mu Epulo 2024 wantchito ali ndi ufulu wopempha kusintha maola ogwirira ntchito kuyambira tsiku loyamba pa ntchito, akhoza kupempha kawiri pa miyezi 12, ndipo olemba ntchito ayenera kuyankha pasanathe miyezi iwiri. Iwo akhoza kukana pa zifukwa za ntchito, koma pempho lolembedwa bwino, lonena tsiku ndi ola lenileni, monga kuyamba 9:30 m'malo mwa 8 koloko Lachiwiri ndi Lachinayi, limamveka kuposa kudandaula pakamwa m'khonde. Yachiwiri ndi malo olipira amene amatsegula m'mawa, monga nursery ya tsiku lonse, breakfast club ya pa sukulu (malo osungira ana maphunziro asanayambe) kapena childminder (munthu wolembetsedwa amene amasamalira ana kunyumba kwake). Yachitatu ndi mnzanu wodalirika, amene tikamba za iye pa nambala 4.

Ngati palibe njira ina koma kuti mwana akhale ndi kholo limene lagwira ntchito usiku, kholo limenelo lisagone mpaka mwana atagona tulo take ta masana pa bedi lake, ndipo nyumba ikhale yokonzedwa kale: kageti kotchinga pa masitepe ndi pa khomo la khitchini, mawindo otseguka pang'ono pokha, zingwe za makatani zomangidwa m'mwamba, mankhwala ndi sopo wochapira wa timapaketi tokongola tija zili pa shelefu yosafikirika.

Chenjezo lalikulu: musagone pa sofa kapena pa mpando mutanyamula khanda. Izi ndi zimene zimachitika kwa kholo lotopa limene lati lingokhala pang'ono kuti liyamwitse kapena kumwetsa mkaka, ndipo a zaumoyo amachenjeza kwambiri za malo amenewa pa nkhani ya imfa zadzidzidzi za makanda. Mukamva tulo tikubwera, mugonekeni mwana chagada pa kabedi kake.

3. Lembetsani maola aulere, ndipo musaphonye masiku otsekera

Mwana aliyense wa zaka 3 ndi 4 ku England ali ndi maola 15 aulere pa sabata kwa masabata 38 pa chaka, mosayang'ana mtundu wa viza ya makolo ake. Maolawa sayamba tsiku limene mwana wakwanitsa zaka 3, koma teremu yotsatira, kuyambira pa 1 Januwale, 1 Epulo kapena 1 Seputembala. Motero mwana wobadwa pa 2 Epulo adikira mpaka Seputembala. Malo abwino amadzaza msanga, choncho yambani kufunsa mwana ali ndi zaka 2, ndipo mufunsiretu ngati amalipiritsa padera chakudya, matewera kapena maola oonjezera. Funsaninso ngati amalola kugawa maolawo pa chaka chonse, chifukwa masabata 38 amasiya masabata 14 opanda kanthu, pamene ntchito yanu siima.

Palinso maola 30 a makolo ogwira ntchito, amene kuyambira mu Seputembala 2025 amaperekedwa kwa ana kuyambira miyezi 9. Apa pamafunika kusamala: kholo limene viza yake imati silingalandire thandizo la ndalama za boma sililoledwa kupempha maola amenewa. Musadzaze fomu chifukwa chakuti mnzanu wa kuntchito anadzaza, pakuti mapepala ake akhoza kukhala osiyana ndi anu.

Kalasi ya Reception, imene ndi yoyamba ku pulayimale, imayamba mu Seputembala wotsatira tsiku limene mwana wakwanitsa zaka 4. Pempho la malo limapita ku khonsolo ya dera lanu pofika pa 15 Januwale, ndipo mayankho amatuluka pa 16 Epulo kapena tsiku logwira ntchito lotsatira. Kukhala pa nursery ya sukulu inayake sikupatsa mwana malo mu Reception ya sukulu imeneyo, muyenera kupemphabe. Amene achedwa amapatsidwa malo otsala, ndipo sukulu ya kutali imabweretsa mpata watsopano m'mawa uliwonse kwa zaka zingapo.

4. Pezani munthu wachitatu ndi wachinayi, mugwirizane poyera

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mabanja ambiri a Chimalawi ku Manchester, ku Leicester kapena ku London amadalirana motero kudzera ku tchalitchi, ku mzikiti ndi m'magulu a WhatsApp. Zimenezi ndi zabwino, bola zikhale zomveka kwa onse. Musamuuze mnzanu kuti "tidzakuimbirani tikapanikizika." Muuzeni tsiku, ola lofika, ola lodzatenga mwana ndi chimene inu mudzamuchitire pobweza. Munthu amene wagwirizana nanu za Lachinayi lililonse kuyambira 7 koloko mpaka 9 koloko amakhala nthawi yaitali kuposa amene mumamudzutsa ndi foni m'bandakucha.

Pali malamulo awiri amene ambiri amawadziwa mochedwa. Loyamba, munthu amene si wachibale wa mwana, amene akusamalira mwana wosafika zaka 8 kunyumba kwa wosamalirayo kwa maola opitirira 2 pa tsiku n'kumalandira malipiro, ayenera kukhala wolembetsedwa ku Ofsted (bungwe la boma loyendera sukulu ndi malo osamalira ana) kapena ku bungwe lovomerezeka la ma childminder. Kusinthana masiku ndi mnzanu popanda kupatsana ndalama n'kololedwa. Lachiwiri, mwana wosafika zaka 16 akakhala masiku 28 kapena kupitirira kwa munthu amene si wachibale wapafupi, khonsolo iyenera kudziwitsidwa. Achibale apafupi pa lamuloli ndi agogo, mchimwene, mchemwali, amalume, azakhali, bambo aang'ono kapena aakulu, mayi aang'ono kapena aakulu, ndi kholo lopeza. Msuweni sawerengedwa, ndipo mayi wa ku tchalitchi amene ana amamutcha anti sawerengedwanso.

Mukagwirizana, pitani naye ku nursery kapena ku sukulu kuti amuone nkhope, mulembetse dzina ndi nambala yake pa fomu ya ololedwa kutenga mwana, ndipo mumuuze mawu achinsinsi ngati malowo amagwiritsa ntchito njira imeneyo. Popanda zimenezi aphunzitsi sangamupatse mwana, ngakhale mwanayo atamuthamangira n'kumukumbatira pa geti. Ngati adzanyamule mwana pa galimoto, mpando wa mwana upite naye, chifukwa lamulo limafuna mpandowo mpaka mwana atafika zaka 12 kapena kutalika masentimita 135.

Chenjezo: mwana akatsala pa nursery nthawi yotseka itakwana, malo ambiri amalipiritsa, ndipo akalephera kupeza aliyense mwa amene munalembetsa, ndondomeko yawo imawalamula kuimbira a social services, omwe ndi ofesi ya khonsolo yoona za chitetezo cha ana. Popeza m'nyumba zambiri zosamalira okalamba foni imasiyidwa m'loka, perekaninso nambala ya ofesi ya kuntchito kwanu.

5. Chikwama ndi zovala zikonzedwe usiku

M'mawa si nthawi yofunafuna golovesi limodzi pansi pa bedi. Kholo limene lili pakhomo madzulo liike m'chikwama zovala zosinthira zonse mpaka masokosi, matewera ngati akufunika, ndi botolo la madzi, n'kuchipachika pa chitseko pamodzi ndi jekete. Ana kuno amatulutsidwa kukasewera panja ngakhale kuli kozizira kapena kukuwaza, choncho jekete losalowa madzi ndi majombo zizipita tsiku lililonse kuyambira Okutobala mpaka Epulo.

Makolo atsopano amakonda kumuveka mwana juzi pa juzi mpaka osatha kupinda mikono. M'kalasi muli zipangizo zotenthetsera, mwanayo amatuluka thukuta, ndipo akapita panja thukutalo limamuzizira. Muvekeni zovala zopyapyala zitatu zimene angathe kuvula yekha, ndi thalauza la lasitiki limene angatsitse msanga kuchimbudzi. Pa mpando wa m'galimoto jekete lokhuthala livulidwe, chifukwa limalepheretsa malamba kugwira thupi, ndipo mumufunde bulangete pamwamba pa malambawo.

Pa chakudya, ana a Reception, Year 1 ndi Year 2 m'sukulu za boma amadya nkhomaliro yaulere onse, koma ku nursery kawirikawiri mumalipira kapena kulongedza nokha. Sukulu ndi ma nursery ambiri amaletsa mtedza chifukwa pali ana amene umawadwalitsa mwadzidzidzi mpaka kubanika. Kwa ife zimenezi zikukhudza zambiri kuposa chiponde cha pa buledi: phala lothira nsinjiro, masamba otendera, futali ndi ufa wa likuni umene wasakanizidwa ndi mtedza, zonsezi zidyedwe kunyumba, ndipo mwana akadya m'mawa asambe m'manja ndi kukamwa asananyamuke. Mphesa ndi tomato ting'onoting'ono muzidule m'litali zidutswa zinayi, ndipo mwana wosafika zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu, kuopa kutsamwa.

Madontho a vitamin D muwaike pafupi ndi mswachi wa mwana kuti asaiwalike. A NHS, omwe ndi a zaumoyo a boma, amalangiza ma microgram 10 pa tsiku kwa ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4, chaka chonse, ndipo khungu lakuda limapanga vitamin ameneyu pang'ono pa dzuwa lofooka la kuno.

6. Popatsirana mwana, lembani

Makolo a mashifiti amakumana pa chitseko, wina akuvala nsapato wina akuvula. Pa kamphindi kameneko zolankhula zimatayika. Pansi pa pepala la pa filiji siyani malo a mizere inayi, ndipo amene akutuluka adzaze: mwana wadya chiyani ndi nthawi yanji, wagona nthawi yanji, wamwa mankhwala anji ndi nthawi yanji, ndipo aphunzitsi anena chiyani. Mzere wa mankhwala ndiwo wofunika koposa, chifukwa mwana akhoza kumwetsedwa paracetamol kawiri pa ola limodzi, mayi asanatuluke ndi bambo atangolowa, aliyense poganiza kuti mnzake sanapereke.

7. Konzekerani tsiku la matenda lisanafike

M'chaka choyamba cha ku nursery mwana amatola chimfine ndi matenda a m'mimba kawirikawiri, ndipo limeneli ndi tsiku limene ndondomeko yonse imagwa ngati simunaliganizire. Mwana amene wasanza kapena kutsegula m'mimba sapita ku nursery kapena ku sukulu mpaka patadutsa maola 48 kuchokera pamene zinasiya. Wodwala katsabola amakhala kunyumba mpaka matuza onse atauma, zimene kawirikawiri zimatenga masiku 5 chiyambireni kutuluka. Pa sabata iliyonse lembani pa pepala lija dzina la kholo limene lidzasiye ntchito mwana akadwala tsiku limenelo, kuti nkhaniyi isakhale mkangano wa 6 koloko m'mawa. Lamulo limapatsa wantchito ufulu wochoka pa ntchito kwa nthawi yoyenera pakagwa zadzidzidzi zokhudza mwana wake, ngakhale olemba ntchito sakakamizidwa kulipira nthawi imeneyo. Imbani foni kuntchito mwamsanga, munene zoona.

Kutentha thupi kumayambira pa madigiri 38. Yezani m'khwapa, musadalire dzanja pa chipumi. Mumwetseni madzi pafupipafupi, ndipo ngati akuvutika mupatseni paracetamol motsatira msinkhu wolembedwa pa botolo. Aspirin saperekedwa kwa mwana wosafika zaka 16, ndipo ibuprofen saperekedwa kwa wodwala katsabola pokhapokha dokotala atanena. Chizolowezi chathu chomuvula mwana ndi kumupukuta ndi nsalu yonyowa a NHS sachilimbikitsa.

Khanda losafika miyezi 3 likatentha madigiri 38, kapena la miyezi 3 mpaka 6 likafika 39, imbani 111 (nambala ya NHS yofunsira thandizo lamsanga) kapena kwa GP (dokotala wa banja lanu) nthawi yomweyo. Imbani 999, nambala ya ambulansi, ngati mwana akubanika, wakomoka, akuvuta kudzutsa, khosi lauma, kapena ali ndi timadontho pa khungu timene sitizimirira mukakanikiza ndi tambula ya galasi. Pa khungu lakuda timadontho timeneti ndi kusintha kwa mtundu sizioneka msanga, choncho yang'anani m'zikhatho, ku mapazi, m'kati mwa zikope ndi m'kamwa. Ngati mwanayo anapita ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique m'miyezi 12 yapitayi, nenani zimenezi poyamba penipeni, chifukwa dokotala wa kuno saganiza za malungo ngati simunatchule ulendowo.

Chenjezo: musamwetse mwana mankhwala ochepetsa kutentha kuti mukamusiye ku nursery akuoneka bwino. Mankhwalawo akatha mphamvu cha m'ma 11 koloko adzakuimbirani foni, ndipo mudzachoka pakati pa shifiti, zimene zimavuta kuposa kujomba kuyambira m'mawa.

8. Madzulo azifanana, kaya pakhomo pali ndani

Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, ndipo wa chaka chimodzi kapena 2 amafunika 11 mpaka 14, kuphatikizapo tulo ta masana. Dzuwa la kuno silingakuthandizeni kudziwa nthawi monga limachitira kwathu, kumene mdima umagwa cha m'ma 6 koloko pafupifupi chaka chonse. Ku London mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo mu Juni limalowa 9 koloko itadutsa. Gulani makatani otchinga kuwala, sankhani ola limodzi logonera, ndipo nonse awiri mutsate dongosolo lomwelo: chakudya, kusamba, kutsuka mano, nthano, kuzimitsa nyali. Mwana akaona kuti kwa adadi amagona 10 koloko ali ndi foni m'manja pamene kwa amami amagona 7:30, tsiku la amami limasanduka nkhondo.

Nthawi ya kusamba ndi ya nthano ikhale ya Chichewa. Chingerezi mwana adzachipeza ku nursery popanda inu kuvutika, koma Chichewa akapanda kuchimva kwa inu palibe kwina kumene angachimve. Akakuyankhani m'Chingerezi musamukalipire, ingobwerezani zimene wanena m'Chichewa n'kupitiriza. Mukauza aphunzitsi mawu ochepa amene mwana amagwiritsa ntchito, monga madzi, kukodza ndi kupweteka, masabata oyamba amapepuka. Foni ya agogo ikhale ndi tsiku lake ndipo iimbidwe asanasambe. Kumbukirani kuti Malawi amakhala patsogolo ndi maola 2 m'nyengo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha, chifukwa mawotchi a kuno amasinthidwa Lamulungu lomaliza la Malichi ndi Lamulungu lomaliza la Okutobala. Agogo a ku Ntcheu kapena ku Nkhotakota angathe kuyamba "padangokhala" mwanayo n'kumavomera "tili tonse" pa vidiyo, ndipo kholo lotopa limapezako mpata wotsuka mbale.

9. Gwirizanani za chilango musanatope

Dzanja limathamanga kwambiri pamene kholo lagona maola atatu okha, choncho nkhaniyi ndi mbali ya ndondomeko ya sabata. Ku Scotland kumenya mwana kunaletsedwa kotheratu mu 2020, ndipo ku Wales mu 2022. Ku England lamulo la Children Act 2004 likusiyabe kampata kakang'ono ka chilango chimene limachitcha choyenera, koma kampatako sikateteza kholo limene lasiya chipsera, kutupa kapena bala, ndipo lamba, mthiko kapena silipasi zimaika munthu pa mlandu mosavuta. Ogwira ntchito ku nursery ndi ku sukulu ali ndi udindo wolemba ndi kunena chilichonse chokayikitsa. Mwana wa zaka 3 akamasintha malaya n'kunena kuti "adadi anandimenya," mawu amenewo amalembedwa tsiku lomwelo, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ndi yosamalira anthu, nkhani yotere imafika mpaka ku ntchitoyo.

Sankhani malamulo atatu okha a pakhomo ndi chotsatira chimodzi chimene nonse mudzachigwiritse ntchito, monga kuchotsa chidole kwa kanthawi kapena kuzimitsa TV. Gwadani mufanane naye msinkhu, nenani kamodzi, ndipo chitani zimene mwanena. Mukamva mkwiyo ukukwera, muikeni mwana pamalo otetezeka, mupite m'chipinda china kwa mphindi zingapo. Mawu oopseza amene tinakula nawo, onga akuti ndikusiya panja afisi akudye, mwana amakawabwereza ku sukulu m'Chingerezi, ndipo kumeneko samveka ngati nthabwala. Mwana akagwa kunyumba n'kutupa pa chipumi, auzeni aphunzitsi pa geti inu nokha, ndipo ngati ali ndi zibadwa zobiriwira pa msana kapena m'matako, zimene ana ambiri akuda amabadwa nazo, pemphani health visitor (namwino woyendera mabanja a ana aang'ono) azilembe m'buku lofiira kuti wina asadzaziyese mikwingwirima.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Choyamba ndi kukonza masabata a teremu okha. Sukulu za boma zimaphunzitsa masiku 190 pa chaka, ndipo masiku ena onse mwana ali ndi inu: sabata ya half-term katatu pa chaka, tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Isitala, masabata pafupifupi 6 kuyambira kumapeto kwa Julayi, ndi ma inset day amene amagwa pakati pa ntchito. Tchuthi chanu cha kuntchito muchipemphe mukangolandira kalendala ya sukulu, ndipo mayi ndi bambo atenge masabata osiyana. Dziwaninso kuti sukulu zambiri zimayambitsa ana a Reception ndi theka la tsiku m'masabata oyamba a Seputembala.

Chachiwiri ndi kugula matikiti a ulendo wa kwathu pakati pa teremu chifukwa ndi otsika mtengo. Mwana akafika msinkhu wokakamizidwa kukhala pa sukulu, umene ndi teremu yotsatira atakwanitsa zaka 5, kujomba kopanda chilolezo kungabweretse chindapusa cha mapaundi 80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense, ndipo chimakwera kufika 160 chikapanda kulipidwa m'masiku 21. Pakagwa maliro lemberani ahedi kalata musananyamuke, chifukwa iwo ndi amene ali ndi mphamvu yololeza.

Chachitatu ndi kudalira munthu mmodzi. Iyenso amadwala, rota yake imasintha, ndipo mwana wake akatenga katsabola wanu sangapiteko.

Chachinayi ndi kuvomera shifiti yoonjezera pa foni musanayang'ane pa filiji. Yankho lanu likhale lakuti mubweza foni pakatha mphindi 10, ndipo muvomere pokhapokha dzina la wosamalira mwana litalembedwa pa maola amenewo.

Chachisanu ndi kubisira health visitor kapena aphunzitsi kuti zinthu zakuvutani, poopa kuti akulandani mwana. Anthu amenewa ndi amene amadziwa ma childminder amene ali ndi malo, magulu a makolo ndi ana a ku laibulale kapena ku family hub (malo a m'dera othandizira mabanja), ndi thandizo la kholo limene lafooka m'maganizo pambuyo pobereka. Nambala ya gulu la ma health visitor a dera lanu imapezeka m'buku lofiira kapena kwa GP, ndipo mukhoza kuwaimbira mpaka mwana atakwanitsa zaka 5.